Pepala Limene Linalowa M'siwa ku Dzoole

Tadala ndi Mphatso, mwakhala mukundiseka kuti anzanga amasunga zithunzi za zidzukulu m'Baibulo, pamene ine ndimasungamo kapepala kothimbirira kodzaza manambala. Mutu uno wa mbiri yanga ndiwo yankho lanu. Muwerenge mofatsa, ndipo mudziwiretu kuti bambo anu satulukamo bwino kwenikweni.

1987

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa Boma la Ntchisi, mu ofesi ina yoona za alimi. Anandilemba ngati wotaipa, koma pofika mwezi wachitatu anandionjezera wayilesi ya mauthenga, chifukwa amene ankaigwira anapita kumudzi akudwala ndipo sanabwerenso. Wayilesiyo inali yaphokoso ngati chigayo, ndipo mvula ikamagwa mawu ankafika odukaduka. Lamulo lake linali limodzi lokha: ukalandira uthenga, uuwerengenso mokweza kuti wotumiza atsimikize kuti wamva zoona. Zaka zimenezo tinkasowa chilichonse. Riboni ya taipi ndinkaitembenuza mpaka zilembo kusiya kuoneka, ndipo pepala limodzi la kaboni linkatha mwezi likugwira ntchito. Ndinaphunzira kusataya kanthu. Ndinaphunziranso kudzimva, chifukwa mu ofesi monse wotaipa osayang'ana zala ndinali ndekha.

2004

Chaka chimenechi ndinalowa ntchito ku bungwe la alimi a mtedza, limene makalabu ake anali kuyambira ku Bowe mpaka kumapiri a Ntchisi. Ndinapeza kompyuta imodzi itavundikiridwa nsalu yoluka, anthu akuidutsa chapatali ngati ili ndi mano. Ine nditaona kuti zilembo zake zaikidwa chimodzimodzi ndi za taipi, ndinakhalapo. Ukatswiri wanga unayambira pomwepo. Ndinalowetsamo mayina a alimi onse, midzi yawo, makalabu awo, ndipo mafoni atafala ndinaonjezera manambala awo. Patapita zaka tinagula kompyuta yaikulu yotchedwa seva, imene inkatumiza mauthenga a pafoni kwa alimi: tsiku la msonkhano, tsiku lolandira mbewu, chenjezo la mbozi. Chilichonse chikavuta ankaitana ineyo a Chimbalanga, ndipo a Chimbalanga ankazimitsa n'kuyatsanso. Nthawi zambiri zinkatheka, ndipo ine sindinkaulula kuti mankhwala anga anali omwewo basi.

2017

Kenaka alimi anayamba kudandaula. Anthu osadziwika ankawaimbira foni, kuwatchula dzina, mudzi ndi kalabu yomwe, n'kuwanamiza kuti bungwe lawasankha kulandira feteleza. Ena anapusitsidwa. Mkulu wina wa ku Bowe anabwera mu ofesi, n'kuima pamaso panga chipewa chili m'manja, n'kundifunsa kuti, "Dzina langa ndinakupatsani inu. Lafika bwanji kwa akuba?" Manyazi a tsiku limenelo ndimawamvabe.

Apa m'pamene bungwe linalemba Mayi Nambewe kuti akhale mkulu wa za makompyuta, ndiye kuti bwana wanga. Anali a msinkhu wako, Tadala. Kwawo kunali ku Dzoole, mwana wa malemu mlembi wa mpingo, ndipo anasiya ntchito yabwino ku Lilongwe kuti akhale pafupi ndi mayi awo amene ankadwaladwala. Ndisabise, ndinawalandira ndi mtima wowawa. Ndinkati kamtsikana kovala nsapato za mphira kadzandiuza chiyani ine amene ndinayamba kutaipa iko kasanabadwe. Masiku awiri okha anakwana kundichititsa manyazi. Anapeza kuti mu seva yathu munalowa pulogalamu yakuba, imene inkatumiza mndandanda wa alimi kunja mwakachetechete, ine ndili pompo ndikumwa tiyi.

Sanandinyoze. Anakoka mpando n'kundifunsa kuti, "Bambo Chimbalanga, kwanu mumaweta mbuzi?"

"Zilipo zinayi."

"Wakuba amavutika polowa m'khola, kapena potuluka?"

Ndinaganiza pang'ono. "Polowa amangodumpha. Potuluka ndiye amafuna khomo, chifukwa mbuzi ili paphewa."

"Basi," anatero. "Aliyense amalondera polowera. Ife tilondera potulukira."

Anasamutsa zonse kupita ku makompyuta obwereka a kutali, amene anthu a ntchitoyi amati ali mumtambo. Ine ndinkafunsa kuti mtambowo uli mbali iti, iwo n'kumaseka. Kumeneko anamanga chimene amachitcha fayawolo, koma mu ofesi mwathu tinkangoti mpanda. Lamulo loyamba la mpandawo linali lokana: palibe chotuluka mu seva kupita kulikonse. Kenaka ankaboola timakomo towerengeka, kalikonse kopita ku adiresi imodzi yodziwika, monga ya kampani imene inkafikitsa mauthenga athu m'mafoni a alimi. Zonsezi sankazichita podina zithunzi. Ankatsegula windo lakuda lopanda chokongoletsa chilichonse, n'kulembamo lamulo mzere umodzi, chifukwa intaneti ya kumapiri kuno inkakanika kunyamula masamba a zithunzi koma mzere wa zilembo inkaukwanitsa. Windo lakudalo ndinalikonda msanga, linkandikumbutsa taipi. Anandiphunzitsa zigawo za lamulo: dzina lake, mawu osonyeza kuti ndi lotulutsa osati lolowetsa, adiresi ya kopita, ndi nambala ya khomo. Anafotokozanso za nambala ina yosonyeza ukulu wa lamulo, koma pamenepo ndinkangogwedeza mutu ngati mkulu wa mpingo amene tulo tamupeza pa ulaliki.

Chimene ndinkawasirira nacho kwambiri chinali mwambo wawo. Lamulo latsopano silinkalowa mu windo lakuda lisanalembedwe papepala ndi dzanja. Mmodzi ankaliwerenga mokweza, chilembo ndi chilembo, wina akumvetsera, kenaka onse awiri n'kusaina. Akamaliza kuwerenga ankayang'ana mu ofesi monse n'kufunsa ndi mawu a kutchalitchi, "Alipo wodziwa chifukwa choletsa?" Anzathu anautcha mwambowo kulengeza ukwati, ndipo ankatiseka. Ine sindinkaseka, chifukwa ndinazindikira lamulo lakale la wayilesi litabwerera litavala nsapato za mphira. Ngakhale lamulo atalilemba okha, ankandiitana ine kuti ndimve, ndipo kawiri konse ndinawagwira atalumpha nambala. Ankathokoza ngati ndawapatsa nkhuku.

Novembala 2019

Mayi awo a Mayi Nambewe anamwalira Lamlungu, ndipo mwambo woika maliro unali Lachiwiri masana. Ife a mu ofesi tinakakhuza Lolemba n'kubwerako. Lolemba lomwelo madzulo mvula yobzalira inagwa, yeniyeni, yonunkhira dothi. Aliyense wobadwira kuno amadziwa tanthauzo lake: m'masiku awiri mbewu yonse imakhala ili pansi.

Lachiwiri m'mawa, cha m'ma 9 koloko, mkulu wa bungwe, Bambo Kaphale, analowa mu ofesi mwanga atagwira kalata, nkhope itagwa. Zotsatira za kuyeza mbewu zinali zitafika mochedwa. Gulu limodzi la mbewu ya mtedza imene tinagawa, ya m'matumba osokedwa ndi ulusi wofiira, linali lakufa: pa njere khumi zinkamera ziwiri kapena zitatu. Wobzala mbewu imeneyo akanadikira sabata ziwiri kuti aone munda wa mipata, ndipo pofika nthawiyo chinyezi choyamba chikanakhala chitapita. Tinalemba uthenga waufupi woti asabzale, abweze matumbawo adzasinthe, ndipo ndinautumiza. Sunapite. Mauthenga onse anangoima pamzere mu seva, osatuluka ndi umodzi womwe.

Nditaimbira kampani ya mauthenga, anandiuza kuti anasintha adiresi yawo sabata yapitayo, ndipo chidziwitso anatumiza kwa Mayi Nambewe, amene nthawi imeneyo anali kuchipatala ndi mayi awo. Mpanda wathu unkadziwa adiresi yakale yokha. Ndinayesa foni ya abwana, inali yozimitsa, ndiponso kumudzi kwawoko kuli m'chigwa mosagwira netiweki. Apa ndinachita chimene ndinali ndisanachitepo. Ndinalemba lamulo papepala, ndinaliwerenga chamumtima, palibe anamva, palibe anasaina, ndipo ndinalilowetsa ndekha. Kompyuta inalilandira bwinobwino. Mauthenga anakhalabe pomwepo. Ndinayang'ana adiresi, inali yolondola. Khomo 443, lolondola. Mawu otulutsa, analipo. Ndinalifafaniza n'kulilembanso, zomwezo.

Bambo Kaphale anali munthu wabwino, ndipo sindifuna muwaone ngati woipa m'nkhaniyi. Anali ataika kale aliyense pa foni kuimbira apampando a makalabu, koma ambiri anali kumunda ndipo mamembala awo anamwazikana m'mapiri. Anaima kumbuyo kwanga n'kufunsa kuti, "A Chimbalanga, lamulo lokanalo simungalichotse?"

"Ndingathe, bwana. Ndi mzere umodzi."

"Ndiye mukudikira chiyani? Chotsani, mauthenga apite, mawa mubwezeretse."

"Ndikachotsa, chilichonse chimene chili m'katimo chituluka. Ngati muli wakuba, mayina onse apita lero lomwe."

"Kodi alimo wakubayo?"

"Sindikudziwa, bwana."

"Koma anthu akudzala, zimenezo ndiye tikuzidziwa tonse."

Ananena zoona, ndipo n'chifukwa chake zinali zowawa. Zala zanga zinali kale pa zilembo. Koma ndinakumbukira mkulu wa ku Bowe uja ndi chipewa chake, ndinakumbukiranso kuti m'mawa womwewo ndinali nditalakwitsa kale kamodzi pochita ndekha zimene sindinkazimvetsa. Ndinapinda pepala lija, ndinaika laputopu m'jumbo ziwiri, n'kupempha kiyi wa njinga yamoto. Bambo Kaphale anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mukupita ndi ntchito pamaliro?" anafunsa. Ndinavomera. Anandipatsa kiyiyo.

Msewu unali phala. Ndinagwa kawiri, ndipo pamtsinje wina anyamata anayi anachita kuinyamula njingayo. Ndinafika ku Dzoole dzuwa litapendeka kale, matope mpaka m'makutu, kwaya ikuimba, adzukulu atabwerako kumanda kudzanena kuti akonzeka. Inu ana a m'tauni mwina simungamve kulemera kwake. Mwana wamkazi wa malemu amakhala m'siwa, pafupi ndi bokosi, atazunguliridwa ndi amayi. Mwamuna wa kuntchito sangangolowamo, ndipo kutulutsa namfedwa chifukwa cha za ofesi ndi chipongwe chimene mudzi sungaiwale. Ndinakhala pansi kumbali ya abambo kaye monga mwa mwambo, kenaka ndinapita kukagwada pafupi ndi mayi wina wachikulire wovala yunifolomu ya amayi a mpingo, amene ankayang'anira pakhomo.

"Pepani amayi, ndalakwa kale pobwera. Kapepalaka kakafike kwa Mayi Nambewe."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Bambo inu, kwanu kulibe maliro?"

"Aliko, amayi. Koma mbewu imene anthu akudzala lero ndi yakufa, ndipo wodziwa kutsegula njira ya uthenga ndi iwowa."

Mayiyo anali mlimi. Anangoti, "Mtedza?" Nditavomera, anatenga pepalalo n'kulowa.

Kuseri kwa pepalalo ndinali nditalemba zonse, ndi kuulula komwe kuti ndinalowetsa lamulo popanda wondimvera. Ndinadikira mwina mphindi zisanu, koma zinatalika ngati ulaliki wa mlendo. Kenaka nsalu ya pakhomo inasuntha, ndipo Mayi Nambewe anasuzumira okha, maso atatupa, duku lakuda kumutu. Sanatuluke. Anakhala pansi pakhomo pomwepo n'kunena motsitsa mawu, "Werengani, Bambo Chimbalanga." Anandibwezera pepala. Ndinagwada pamatope n'kuwerenga chilembo ndi chilembo, kwaya ikuimba kumbuyo kwanga. Nditamaliza anati, "Nambala ya ukulu simunaike. Mukapanda kuika, kompyuta imaika yokha 1000, ndipo lamulo lokana lija lilinso pa 1000. Akafanana, wokana ndiye amapambana. Yaing'ono ndiyo imayamba kumvedwa." Anapempha pensulo kwa mayi wa yunifolomu uja, analemba 900 kumapeto kwa mzere, n'kusaina. Kenaka anayang'ana mayiyo, ndipo ndi misozi ili m'maso anafunsa, "Alipo wodziwa chifukwa choletsa?" Mayiyo sanamve nthabwalayo, anangoti, "Palibe, mwanawe, apite msanga." Abwana anandilozera chulu cha pamtunda kuseri kwa sukulu, pamene anthu a m'mudzimo amakaimbira foni, n'kubwerera kwa mayi awo.

Pachulupo ndinakhala pansi, laputopu pamiyendo, foni nditaikweza m'mwamba ndi dzanja limodzi. Ndinataipa ndi dzanja linalo, ine katswiri wa zala khumi. Nditadina, mzere wa mauthenga unayamba kuchepa. Ndisanatseke n'komwe laputopu, ndinamva mafoni akulira kumusi kwa chulucho, pakati pa anthu operekeza maliro amene anali atakwera mtunda popita kumanda, apa ndi apo, ndipo ena ankawatulutsa mobisa n'kumanong'onezana. Ndinatsika n'kulowa pamzere wopita kumanda. Ndinalira kwambiri tsiku limenelo, ndipo anthu ankaganiza kuti ndine wachibale.

Ambiri uthengawo unawapeza mbewu idakali m'thumba, chifukwa anayamba ndi chimanga. Koma maola amene ndinathera pamsewu sanapite ulere. Ena anabzala masana omwewo. Mmodzi wa iwo anali azakhali anu a Nelia, alongo anga enieni a ku Bowe, amayi amasiye odalira munda umodzi. Iwo ankasunga foni pamfundo ya chitenje, ndipo uthenga ukanapita m'mawa akanauona. Choipitsitsa n'chakuti ine ndinkadziwa kuti analandira thumba la ulusi wofiira. Tsiku lonse ndinaganizira alimi a zigwa zonse, koma osakumbukira kuimbira mwana wa mayi anga. Nditapita kukapepesa anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, ndiye kuti kompyuta ndiyo inandikumbukira, ngakhale mochedwa. Inu ayi." Anaseka ponena zimenezo, koma ine zinandilasa. Mbewu yosinthira imene bungwe linapeza inatha a Nelia asanafikiridwe.

Disembala 2019

Mayi Nambewe anabwerera kuntchito patatha sabata. Ndinkayembekezera kalata ya chenjezo chifukwa cholowetsa lamulo ndekha. Iwo anangotsegula buku la kompyuta losonyeza zonse zimene mpanda unakaniza tsiku lija, n'kuliwerenga mpaka kumapeto. Ndinafunsa ngati munali wakuba. Ndinkafunitsitsa atati analimo, kuti mtima wanga upepuke.

"Sindikuona chilichonse," anatero. "Mukanachotsa, mwina sipakanachitika kanthu."

"Ndiye kuti ndinawalakwira alongo anga pachabe."

"Simukanadziwa, Bambo Chimbalanga. Inenso sindikanadziwa. Cholakwa changa ndi ichi: ndinaona kuti nambala ija simunaimvetse, ndipo ndinachita ulesi kubwereza." Sanandinamize kuti anditonthoze, ndipo sanandisiyire mlandu ndekha. Tsiku lomwelo anandikhazika pansi mpaka nambalayo inalowa m'mutu, ndipo anaonjezera dzina langa pa olandira zidziwitso za kampani ija. Pomaliza anafunsa kumene a Nelia amakhala.

Loweruka m'mawa ndili ku Bowe ndi a Nelia, tikuyang'ana mizere ya mipata, tinaona njinga yamoto ikubwera, kumbuyo itamanga thumba. Anali Mayi Nambewe, duku lakuda likadali kumutu, khasu lili pambali. Anapereka moni mwaulemu, anagwada, n'kumasula thumbalo. Munali mtedza wosenda kale, wosankhidwa bwino, njere zonenepa.

"Amayi anasunga mbewuyi kuti adzale chaka chino," anatero. "Anasenda okha ali pamphasa, akudwala. Munda wawo chaka chino ugona. Ndiye ndati isafere m'thumba."

A Nelia anakana katatu, monga mudziwa khalidwe lawo. Kenaka anagwira njerezo m'manja, n'kuyamba kulira, abwana nawonso n'kuyamba, ine n'kumayang'ana kumapiri ngati kuli china chachilendo. Tinabzala tonse atatu mpaka dzuwa kufika pamutu. Ndinaona kuti bwana wanga wa windo lakuda ankagwira khasu kuposa ine, ndipo azakhali anu sanachedwe kundiuza zimenezo. Mtedzawo unachedwa, sunabereke ngati wa anzawo, koma unabereka, ndipo chaka chimenecho pakhomo paja sipanagone njala.

2023

Ndinapuma ntchito nditalengeza malamulo ambirimbiri, ndipo palibe lina limene ndinalowetsanso ndekha. Pa tsiku lotsanzikana anzanga anandipatsa wotchi ndi bulangete. Mayi Nambewe anadikira kuti anthu achepe, n'kundipatsa envulopu. Munali pepala lija, madontho a matope akuonekabe, 900 wa pensulo ali pakona, siginecha yawo pansi pake. Malo a siginecha yachiwiri anali opanda kanthu, chifukwa tsiku lija pothamangira kuchulu ndinaiwala. Ananditambasulira cholembera n'kunena kuti, "Fayilo singatsekedwe, Bambo Chimbalanga." Ndinasaina patatha zaka zinayi.

Pa ntchito yanga yonse ndinakhala pansi pa mabwana ambiri, ena aukali, ena aulesi, ena abwino ndithu. Amene ndimamutchula m'pemphero ndi dzina ndi uyu amene ndinamulandira ndi mtima wowawa. Azakhali anu mbewu ija sanaitaye. Chaka chilichonse amapatula ina yobzala, ndipo amaitcha mtedza wa ku Dzoole. Thumba limene amakutumizirani m'tauni akakolola kumene, limene iwe Mphatso umadandaula kuti likudzaza malo m'khitchini, ndi mtedza womwewo.